Mafunso ndi mayankho: Mkatolika wosunga mwambo pa ndale, sukulu ndi zosangalatsa

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera tikamacheza ndi anzathu, Akatolika ndi a mipingo ina omwe. Ena amafunsa kuti adziwe, ena kuti atikole. Onse tawayankha chimodzimodzi. Oyankhafe ndife akhristu eni ake, makolo ndi aphunzitsi, si ansembe ayi. Pamene tikunena chiphunzitso cha Mpingo tanena poyera, ndipo pamene ali maganizo athu chabe tanenanso.

Kodi "Mkatolika wosunga mwambo" ndi ndani?

Kunena zoona, Mkatolika aliyense amayenera kutero, chifukwa chikhulupiriro sitinachipange tokha, tinachita kulandira. Dzinali simungalipeze m'Katekisimu. Anthu ndi amene analiika pa ena a ife, aja timati chiphunzitso cha Mpingo pa moyo wa munthu, pa ukwati ndi pa udindo wa makolo sichisintha chifukwa cha mavoti kapena chifukwa cha zimene zatchuka chaka chino.

Musatisokoneze ndi okana Msonkhano Waukulu wa Vatican II, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965. Arkiepiskopi Marcel Lefebvre atadzoza maepiskopi anayi popanda chilolezo cha Papa mu 1988, anachotsedwa mu umodzi wa Mpingo, ndipo njira imeneyo ife sititsata. Alipo pakati pathu okonda Misa yakale ya Chilatini. Papa Benedict XVI anaimasula mu 2007, Papa Francis n'kuikanso malire mu 2021, ndipo ambiri zinawapweteka mumtima. Koma ochuluka a ife timapemphera Misa wamba ya paparishi, pa benchi lomwelo ndi wina aliyense.

ZA NDALE

Ndiye mumavotera chipani chiti?

Mpingo ulibe chipani, ndipo amene angakuuzeni kuti ulinacho akungofuna voti yanu. Chiphunzitso chake sichikwana m'thumba la chipani chilichonse. Taonani kalata ya Papa Leo XIII ya 1891, Rerum Novarum. M'menemo anateteza ufulu wa munthu wokhala ndi katundu wakewake, zimene zinakwiyitsa ofuna kuti boma litenge zonse. M'kalata yomweyo ananena kuti wantchito alandire malipiro okwana kudyetsa banja ndiponso kuti ali ndi ufulu wolowa m'mabungwe a ogwira ntchito, zimene zinakwiyitsa eni mafakitale. Mu March 1937 Papa Pius XI anatulutsa makalata awiri motsatizana: ina yodzudzula chipani cha Nazi, yolembedwa m'Chijeremani, imene inalowetsedwa mobisa ku Germany n'kuwerengedwa m'matchalitchi Lamulungu la Kanjedza, inayo yodzudzula chikomyunizimu. Mwezi umodzi, adani awiri. Papa Leo XIV, amene anasankhidwa mu May 2025, ananena yekha kuti anatenga dzinali pokumbukira Leo XIII ndi nkhani ya antchito ija, poona kuti makina oganiza ngati munthu ayambanso kugwedeza ntchito za anthu.

Nanga bwanji maepiskopi amalankhula za ndale, pomwe ansembe amaletsedwa kuima pa chisankho?

Kulankhula ndi kulamulira n'zosiyana. Malamulo a Mpingo a 1983, pa nambala 285 ndi 287, amaletsa wansembe kutenga udindo wa boma kapena kukhala mtsogoleri m'chipani. Ernesto Cardenal, wansembe amene anali nduna m'boma la Nicaragua, anagwada pa bwalo la ndege ku Managua mu 1983 kuti alandire dalitso, koma Papa John Paul II anamugwedezera chala anthu onse akuona. Fernando Lugo anali episkopi ku Paraguay. Pofuna upulezidenti, umene anaupeza mu 2008, anayenera kuvula unsembe.

Koma m'busa woona nkhosa zikugwidwa sakhala chete. Arkiepiskopi Oscar Romero wa ku El Salvador anapempha asilikali kuti aleke kupha abale awo, ndipo mawa lake, pa 24 March 1980, anawomberedwa akuchita Misa. Mu 1986 Kadinala Jaime Sin anaitana anthu a ku Manila, m'dziko la Philippines, kudzera pa wailesi kuti atuluke m'misewu, ndipo pulezidenti Ferdinand Marcos anathawa m'dzikomo. Romero ndi Sin, onse awiri, sanapemphe mpando. Ntchito yolowa m'zipani, kupanga malamulo ndi kukangana za misonkho ndi yathu akhristu eni ake, ndipo tikaithawa tisadandaule.

N'chifukwa chiyani nkhani yochotsa mimba mumaiika patsogolo pa zonse?

Chifukwa maufulu ena onse amafuna munthu wamoyo kuti awagwiritse ntchito. Pali nkhani zimene Akatolika abwino angasiyane maganizo: msonkho ukwere kapena utsike, msewu uyambe kapena chipatala, ngongole itengedwe kapena ayi. Pamenepo aliyense amayesa nzeru zake. Koma kupha mwadala munthu wosalakwa, kaya ali m'mimba kaya ndi nkhalamba yodwala imene akuti akuipumuza ku ululu, n'koipa nthawi zonse, ndipo palibe kuwerengera kumene kungakuyeretse. Papa John Paul II anazinena momveka m'kalata yake ya Evangelium Vitae mu 1995.

Anthu ambiri sadziwa kuti kalata yomweyo, pa ndime 73, imalola phungu wodziwika kuti amakana kuchotsa mimba kuvotera lamulo longochepetsa choipacho ngati kuchithetseratu sikutheka. Choncho Mpingo sufuna andale ouma mutu okana theka la mkate. Umangofuna kuti asatchule choipa kuti chabwino.

Nanga opikisana onse akakhala oipa?

Zimachitika kawirikawiri kuposa mmene timafunira. Katekisimu, pa ndime 2240, imaika kuvota pamodzi ndi kukhoma msonkho ndi kuteteza dziko monga udindo wa mzika, choncho kukhala pakhomo chifukwa cha ulesi si yankho. Kadinala Joseph Ratzinger, asanakhale Papa, analongosola mu 2004 kuti kuvotera munthu chifukwa choti amalimbikitsa kuchotsa mimba ndi tchimo, koma kumuvotera pa zifukwa zina zolemera mokwanira, iwe usakugwirizana naye pa nkhaniyo, kungaloledwe. Mawu akuti "zolemera mokwanira" ndi amene amatilepheretsa tulo. Kuti ndi wa mtundu wako, kapena kuti anakulonjeza ntchito, si chifukwa cholemera.

Kodi inu simungosankha ziphunzitso zokukomerani, monga mumanenera anzanu?

Funso ili limaluma, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Inde, ena a ife timatero. Timafuula pa nkhani ya ukwati ndi ya mwana wosabadwa, koma tikamva za osauka, za othawa kwawo kapena za malipiro a wantchito wathu wa pakhomo, mawu amatithera. Komatu Katekisimu yomweyo, pa ndime 2241, imati mayiko olemera alandire mlendo wofunafuna chitetezo ndi chakudya monga momwe angathere, ngakhale imavomerezanso kuti boma likhoza kuika malamulo a kalowedwe ndipo mlendoyo azilemekeza malamulo a dziko lomulandira. Mu 2018 Papa Francis anasintha ndime 2267 n'kunena kuti chilango cha imfa sichovomerezeka. Ambiri osunga mwambo zinawavuta, poti aphunzitsi akale a Mpingo ankachilola. Kufunsa mafunso n'kololedwa. Koma amene amati "Papa wanena" pokhapokha Papa akanena zomukomera, ameneyo akusunga mwambo wa chipani chake, osati wa Mpingo.

Boma likakhazikitsa lamulo lotsutsana ndi chikhulupiriro, mumatani?

Yesu anati za Kaisara zipite kwa Kaisara, ndipo Paulo anauza Aroma kuti azimvera olamulira. Choncho sitiukira boma pa chilichonse chotinyansa. Koma Petulo anauza akuluakulu a bwalo kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu, ndipo ndime 2242 ya Katekisimu imati chikumbumtima chimatikakamiza kukana lamulo lotiuza kuchita choipa. Namwino akane kuthandiza kuchotsa mimba, mlembi akane kusaina bodza.

Thomas More woyera anali nduna yaikulu ya mfumu Henry VIII ku England. Mfumu itafuna kuti aliyense alumbire movomereza ukwati wake watsopano ndi kukana ulamuliro wa Papa, More sanasonkhanitse asilikali, sanatukwane mfumu. Anatula udindo, n'kukhala chete, n'kukana kulumbira. Anamudula mutu mu July 1535. Mu 2000 Papa John Paul II anamuika kukhala nkhoswe ya andale. Chimene timaphunzirapo n'choti wokana lamulo loipa amakhala wokonzeka kulipira yekha mtengo wake.

ZA SUKULU

Mwana ndi wa ndani: wa makolo kapena wa boma?

Ndi wa Mulungu, wosungitsidwa kwa makolo. Vatican II, m'chikalata cha 1965 chonena za maphunzuro achikhristu, Gravissimum Educationis, inati makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi aakulu a ana awo. Katekisimu imawonjeza pa ndime 2229 kuti ali ndi ufulu wosankhira ana sukulu yogwirizana ndi chikhulupiriro chawo, ndipo boma liyenera kuonetsetsa kuti ufuluwo ukutheka. Si Akatolika okha amatero. Chikalata cha ufulu wa anthu cha United Nations cha 1948, pa gawo 26, chimati makolo ndiwo oyamba kusankha mtundu wa maphunziro a ana awo.

Ufulu umenewu unachita kumenyeredwa. Mu 1922 dera la Oregon ku America linakhazikitsa lamulo loti ana onse azipita ku sukulu za boma zokha, ndipo gulu la Ku Klux Klan, lodana ndi Akatolika, linali pambuyo pake. Asisteri oyendetsa sukulu anakasuma, ndipo mu 1925 khoti lalikulu la dzikolo linathetsa lamulolo ponena kuti mwana si cholengedwa cha boma. Papa Pius XI anatchula chigamulo chimenechi m'kalata yake ya za maphunziro ya 1929. Patapita zaka ziwiri, mu Quadragesimo Anno, analongosola mfundo imene ili pansi pa zonsezi: chimene banja lingathe kuchita lokha, boma lisalilande, lingothandiza pamene banja lalephera.

Izi sizitanthauza kuti mphunzitsi ndi mdani. Kholo limene limathamangira kusukulu kukakalipira mphunzitsi nthawi iliyonse mwana akadzudzulidwa silikuteteza ufulu uliwonse. Likungolera mwana wamwano.

Kodi mwana wa Mkatolika ayenera kuphunzira sukulu ya Katolika basi?

Lamulo la Mpingo nambala 798 limati makolo atumize ana ku sukulu zopereka maphunziro achikatolika, koma ngati sangathe, aonetsetse kuti anawo akuwalandira kwina. Choncho kholo losauka, kapena lokhala kutali ndi sukulu ya Mpingo, silichimwa. Limangokhala ndi ntchito yambiri madzulo.

Tinenenso chimene ambiri amaopa kunena: dzina la woyera pa chipata silitanthauza kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zilipo sukulu zokhala ndi mtanda pakhoma lililonse koma zimene mulungu wake weniweni ndi zotsatira za mayeso, kumene mwana wosakhoza amauzidwa mwakachetechete kuti akayese kwina kuopa kuipitsa mbiri. Jean-Baptiste de La Salle ndi John Bosco sanayambitse sukulu zawo chifukwa cha ana anzeru a anthu olemera. Anatola ana osauka a m'misewu. Mukapita kukaona sukulu, funsani kuti ana amapita liti ku Misa ndi kokalapa, amene amaphunzitsa za chipembedzo amakhulupirira zimene akuphunzitsazo kapena anangomupatsa phunzirolo poti analibe lina, ndiponso mwana wolephera kulipira amatani naye. Yankho la funso lachitatuli limaulula zambiri.

Bwanji mumakana maphunziro a za kugonana m'sukulu? Kodi umbuli si umene umapweteketsa ana?

Sitikana kuti ana adziwe. Vatican II yomweyo inati achinyamata aphunzitsidwe za nkhaniyi mwanzeru, molingana ndi msinkhu wawo. Chimene timakana ndi zinthu zitatu: kuphunzitsa makolo osadziwa, kuphunzitsa ana aang'ono zimene sanayambe n'kuziganiza komwe, ndi kuphunzitsa za thupi ngati kuti ndi makina, osatchulapo ukwati, kudziletsa kapena chikondi. Mu 1995 bungwe la Papa loona za mabanja linatulutsa malangizo onena kuti makolo ali ndi ufulu wodziwa zimene zikuphunzitsidwa ndiponso wochotsa mwana m'phunziro limene akuona kuti silili bwino.

Mayi wina mwa ife anapeza kabuku m'chikwama cha mwana wake wa zaka 10. Anakawerenga konse ali chiimire, mtima ukugunda. Mawa lake sanapite ndi mkwiyo, anapempha kuonana ndi mphunzitsi, nati, "Aphunzitsi, pepani, ndithandizeni. Tsamba ili mumalifotokoza bwanji kwa ana a msinkhu uwu?" Mphunzitsiyo anapumira m'mwamba n'kuyankha kuti, "Mayi, inenso tsamba limenelo ndimalidumpha. Koma ndinu kholo loyamba kubwera kudzafunsa." Mawu omalizawo ndi amene ayenera kutichititsa manyazi. Ufulu wokana phunziro la kusukulu umabwera ndi udindo wokhala pansi ndi mwana wako n'kumuuza wekha. Ukachita manyazi, foni sichita manyazi.

Kodi mumatsutsa sayansi?

Ayi. Mmodzi mwa oyamba kufotokoza, mu 1927, kuti chilengedwe chonse chikufutukuka, maganizo amene pambuyo pake anatchedwa Big Bang, anali wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître. Malamulo a mmene ana amatengera makolo anawatulukira Gregor Mendel, mmonke wolima nsawawa zake m'dimba la nyumba ya amonke. Papa Pius XII mu 1950 analola kufufuza ngati thupi la munthu linachokera ku zamoyo zina, bola tisunge kuti mzimu umalengedwa ndi Mulungu. Za Galileo, amene anaweruzidwa mu 1633, Papa John Paul II anavomereza mu 1992 kuti oweruzawo analakwitsa. Timangokana mphunzitsi akadumpha kuchoka pa "umu ndi mmene zinachitikira" n'kufika pa "choncho kulibe Mulungu", chifukwa pamenepo wasiya sayansi, wayamba kulalikira.

Nanga kuphunzitsa ana pakhomo?

Mpingo sukulamula ndipo sukuletsa. Ku America mabanja ambiri achikatolika amatero, pamene ku Germany lamulo silikulola. Kwa ife, ndi njira yabwino kwa banja lokhala ndi nthawi, luso ndi anzawo othandizana nawo. Ikachitika chifukwa cha mantha okha, mwana amakula osadziwa kuyankha munthu wosiyana naye maganizo, ndipo tsiku loyamba kutuluka pakhomo mphepo imamugwetsa.

ZA ZOSANGALATSA

Kodi kuonera mafilimu, kuvina ndi kumvera nyimbo za kudziko ndi tchimo?

Ayi. Thomas Aquinas woyera anaphunzitsa kuti mzimu umatopa monga thupi ndipo umafuna kupuma ndi masewera ndi nthabwala, mpaka ananena kuti munthu wosaseka konse, wolemetsa anzake ndi nkhope yake, ali ndi chilema cha khalidwe. John Bosco ali mnyamata ankayenda pa chingwe ndi kuchita zamatsenga za manja kuti akope anzake, kenako n'kuwabwerezera ulaliki wa tsikulo. Chikhristu cha nkhope yokwinya si chathu.

"Ine ndimangoonera, sizindisintha." Cholakwika n'chiyani pamenepa?

Augustine woyera anasimba za mnzake Alypius, mnyamata wodziletsa amene anapita ku Rome kukaphunzira zamalamulo. Masiku amenewo anthu ankadzaza bwalo kukaonera amuna akumenyana ndi malupanga mpaka kuphana, ndipo Alypius zinkamunyansa. Tsiku lina anzake anamukoka mokakamiza. Iye anawauza kuti thupi lake akhoza kulikokera kumeneko, koma maso ndi mtima wake sangazikoke. Anakhala pansi n'kutsinzina. Makutu okha ndi amene sanatseke. Munthu wina atagwa m'bwalomo, khamu lonse linakuwa, ndipo Alypius anati angosuzumira kamodzi, poti anali wotsimikiza kuti azinyoza zimene aonezo. Ataona magazi, maso anakana kuchoka. Anayamba kukuwa nawo, ndipo masiku otsatira ndiye anali patsogolo kukoka ena.

Alypius anadzatembenuka mpaka kukhala episkopi, koma nkhani yake imatiuza kuti amene amadzidalira kwambiri ndi amene amagwa msanga. Makampani salipira ndalama zankhaninkhani kutsatsa malonda kwa theka la mphindi ngati zoonera sizisintha munthu. Nanga maola atatu usiku uliwonse?

Kodi pali mndandanda wa mafilimu ndi mabuku oletsedwa?

Unalipo. Mndandanda wa mabuku oletsedwa unathetsedwa mu 1966. Ku America, kuyambira m'ma 1930, bungwe la Legion of Decency linkaika mafilimu m'magulu, ndipo a gulu C anali okanidwa. Akatolika ankalonjeza m'tchalitchi chaka ndi chaka kuti sadzawaonera, ndipo opanga mafilimu ku Hollywood ankaliopa. Papa Pius XI analiyamikira mu 1936. Ena a ife amalakalaka masiku amenewo, koma sadzabweranso: filimu imodzi inkaonetsedwa m'holo ya m'tauni, lero zikwi zili m'thumba la mwana.

Tsopano katundu ali pa chikumbumtima. Vatican II, mu Inter Mirifica ya 1963, inavomereza kuti kuonetsa choipa m'nkhani kungathandize kumvetsa munthu mozama, bola kukhale ndi malire. Baibulo lenilenilo silibisa chigololo cha Davide kapena kuphedwa kwa Abele. Mu 1995 Vatican inatulutsa mndandanda wa mafilimu 45 ofunika, ndipo ambiri mwa iwo si a chipembedzo. Choncho funso si lakuti "muli tchimo m'filimuyi?" koma "ikundichititsa kuliona bwanji tchimolo?" Ina imakuonetsa chigololo n'kukusiya ukulira ndi banja losweka, ina imakusiya ukusirira. Nyimbonso chimodzimodzi: tayesani kulankhula mawu ake popanda ng'oma, pamaso pa mwana wanu wamkazi.

Zolaula zokha zilibe "zimatengera". Ndime 2354 ya Katekisimu imati ndi tchimo lalikulu, lonyazitsa ochita, ogulitsa ndi oonera omwe, ndipo boma liyenera kuletsa kuzipanga ndi kuzifalitsa.

Mwana apatsidwe foni ali ndi zaka zingati?

Mpingo sunaike nambala, ndipo ifenso timasiyana. Chimene timagwirizana n'choti foni ya intaneti si chidole, ndi khomo, ndipo palibe kholo limene limasiya khomo la kuchipinda kwa mwana lotsekula usiku kuti aliyense wodutsa alowe. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15 ndipo anaikidwa m'gulu la oyera mu September 2025, ankakonda kompyuta ndi masewera a pakanema. Sanazitaye. Anadziikira yekha malire a nthawi yosewera, n'kugwiritsa ntchito luso lake kusonkhanitsa pa intaneti nkhani za zozizwitsa za Ukaristia.

Bambo wina mwa ife anadzuka pakati pa usiku kukamwa madzi, n'kuona kuwala kukutuluka pansi pa bulangete la mwana wake wa zaka 12. Analanda foniyo, nakalipa mpaka nyumba yonse inadzuka. Mwanayo, misozi ili m'maso, anangoti, "Koma adadi, inunso yanu mumagona nayo." Bamboyo anasowa chonena, poti foni yake inali m'dzanja linalo, ikuwalabe. Kuyambira sabata imeneyo anaika kadengu pa tebulo la pabalaza: ikakwana 8 koloko madzulo mafoni onse amalowa m'menemo, kenako banja limapemphera Kolona, ndipo amatulukamo m'mawa. Ana anazolowera pasanathe milungu iwiri. Amene anagwidwa katatu konse akunyang'ama kupita ku kadenguko usiku, mpaka amayi anayamba kukatsekera m'kabati n'kugona ndi kiyi, anali bamboyo.